Port ikhale blocking, koma BPDU zizifikabe ku CPU

Driver yanga ya switch yayamba kumvana ndi bridge ya Linux pa nkhani ya spanning tree (STP, njira yotseka ma port ena kuti mu netiweki musakhale loop), ndipo mtima wakhala pansi tsopano. Mkwiyo wokha ndiye sunathe. Ndilembe zikadali m'mutu, kuti mnzanga amene ukulemba driver ya DSA (gawo la kernel ya Linux loyendetsa ma chip a switch) pa chip yatsopano usavutike monga ndavutikira ine.

Za kulembetsa switch, kudzutsa ma port ndi tagging sindinenapo. Ngati mwafika pa STP ndiye kuti zimenezo munathana nazo kale. Chotsala chimaoneka chaching'ono: mu dsa_switch_ops muli port_stp_state_set, bridge imakuuzani port ndi state yake, inu n'kulemba mu register. State zilipo zisanu mu if_bridge.h: disabled ndi 0, listening 1, learning 2, forwarding 3, blocking 4.

Manambala amenewa ndi a kernel, si a chip. Code yachitsanzo imene opanga chip anatipatsa inkangotenga nambala ya kernel n'kuiponya mu register momwemo. Malo a state pa chip yathu ndi ma bit 2 okha, monga zilili pa ma switch ambiri, chifukwa blocking ndi listening hardware imaziona ngati chimodzi. Ndiye 4 ukamudula kuti akwane m'ma bit 2 amasanduka 0, port imene imayenera kukhala blocking n'kukhala disabled. Lembani switch case yanu, state iliyonse muimasulire pamanja, ndipo ikabwera yosadziwika muilembe mu log, musaingoidutsitsa.

Chimenecho ndinachigwira msanga. Chimene chinandithera tsiku lathunthu n'china.

Ndinalumikiza ma switch awiri ndi zingwe ziwiri dala kuti pakhale loop, n'kuyatsa STP ndi ip link set br0 type bridge stp_state 1. Port imodzi inapita ku blocking bwinobwino, ping ikuyenda. Pasanathe mphindi netiweki yonse inadzadza, magetsi a ma port akuphethira osapuma, console ikuchita kukokeka. Kenako bata. Kenako zomwezo. Ndinafufuza mu tagger, mu VLAN, ndinasintha zingwe, ndinakayikira ngakhale switch inayo. Zonse zinali bwino.

Chinanditsegula maso ndi wotchi. Chipwirikiticho chinkabwerera pakatha masekondi pafupifupi 50, ndipo amene anawerengapo IEEE 802.1D nambala imeneyi amaidziwa: max age (nthawi yodikira uthenga wa switch inzake) ndi masekondi 20, forward delay (nthawi imene port imakhala pa state iliyonse isanatseguke) ndi 15 ku listening ndi 15 ina ku learning. Port ya blocking imakhala blocking chifukwa ikumva BPDU (mauthenga a STP amene ma switch amatumizirana) za switch inzake masekondi 2 aliwonse. Zikasiya kumveka, bridge imadikira 20, n'kuganiza kuti njira ija yafa, n'kuyamba kutsegula port. Ikafika forwarding loop yatseguka, BPDU n'kulowa ngati multicast wamba, bridge n'kutsekanso, n'kuyambiranso kuwerenga. Kutanthauza kuti chip inkataya BPDU pa port iliyonse imene siili forwarding.

Nanga bwanji? Chaputala cha spanning tree mu datasheet chimanena momveka kuti pa blocking ma frame a management amadutsa. Sichinena kuti chip sidziwa yokha kuti frame ya management ndi iti. Uyenera kuiuza iwe kuti adiresi ya BPDU, 01:80:C2:00:00:00, ndi ya management ndipo izipita ku CPU port (port yolumikiza chip ndi CPU), ndipo register yake anaiika kutali, m'chaputala cha multicast, popanda ngakhale mzere umodzi wolozera kumeneko. Mzere umodzi basi! Munthu walemba masamba mazanamazana, n'kulephera kunena kuti onaninso tsamba lakuti. Ndinawalembera opanga chipwo, yankho lawo linali loti ndigwiritse ntchito code yawo yachitsanzo, yomwe ija yosandutsa 4 kukhala 0. Apa mpamene ndinakwiya zenizeni.

Ndiye musanachite china chilichonse, tsegulani tcpdump (pulogalamu yoonetsa ma frame amene akudutsa) pa port imene ili blocking, musefe ndi ether dst 01:80:c2:00:00:00, muone ngati BPDU zikubwera masekondi 2 aliwonse. Zikapanda kubwera, musataye nthawi kwina. Trap imeneyi, yolozera BPDU ku CPU, muiike mu setup ya driver, isadikire kuti port ilowe mu bridge, ndipo BPDU zipite ku CPU yokha, chip isazimwaze ku ma port ena.

Mbali inayo nayo muiyese. BPDU zochokera ku CPU ziyenera kutuluka pa port ya listening ndi learning, apo ayi switch inzanuyo sidzamva kuti mulipo. Tag imene CPU imaika pa frame iyenera kuuza chip kuti itulutse pa port yakuti mosayang'ana state. Izi zimakula kwambiri mukafika pa RSTP (STP yofulumira), ya 802.1w ya mu 2001 ija. Kernel payokha imayendetsa STP yakale yokha, RSTP imayendetsedwa ndi pulogalamu ngati mstpd, ndipo kumeneko state zatsala zitatu: discarding, learning ndi forwarding. Discarding imafika kwa driver ngati blocking, ndipo port ya discarding imatumizanso BPDU pokambirana ndi mnzake. Chip ikazitsekera, kufulumira konse kwa RSTP kwatha.

Ndatsala pang'ono kuiwala za CPU port. Bridge siiuza state, chifukwa si membala wake, koma iyenera kukhala forwarding nthawi zonse. Onetsetsani kuti ilidi choncho chip ikangochoka mu reset. Ma port amene sali mu bridge, DSA imawaika forwarding akadzutsidwa, koma asamaphunzire ma MAC address. Pa chip yathu kuphunzira kumayatsidwa mu register yomweyo ya state, ndiye ukalemba forwarding mosasamala wayatsanso learning imene munthu anazimitsa ndi bridge link set. Yang'anani kaye flag ya learning imene DSA imasunga pa port, kenako mulembe.

Vuto la BPDU litatha panatsala lina. Ndikazula chingwe, njira yachiwiri inkatseguka nthawi yake, koma ping inkakhalabe chete kwa mphindi zingapo. Chip inali itasungabe ma adiresi akale olozera ku port yotsekedwa, kudikira ageing time, imene mwachizolowezi ndi masekondi 300. Mankhwala ake ndi port_fast_age. DSA imaiitana yokha port ikachoka ku learning kapena forwarding kupita ku state yosaphunzira, inu mungofufuta ma adiresi ophunziridwa a port imeneyo. A static musawakhudze, ndipo musafufute tebulo lonse chifukwa choti lamulo lofufuta zonse ndi losavuta kulemba. Mudikirenso bit ya busy itsike musanabwerere. Kudikira n'kololedwa, chifukwa bridge imatumiza kusintha kwa state kudzera mu switchdev (njira ya kernel youzira hardware) mochedwetsa, ndiye MDIO kapena SPI, njira zolankhulira ndi chip, mutha kugwiritsa ntchito bwinobwino.

China chowawa: port_stp_state_set sibweza kanthu, ndi void. Kulemba mu register kukalephera, bridge link show idzanenabe kuti blocking pamene chip ikudutsitsa zonse. Ikani dev_err pamenepo, ndipo poyesa muziwerenga register yeniyeniyo, osangokhulupirira zimene bridge ikunena.

Poyesa komaliza musathamange. Pangani loop, isiyeni ipitirire masekondi 50 kangapo konse, ping ikuyenda, tcpdump ili yotsegula pa port ya blocking. Ndikubwerezanso: tcpdump pa port ya blocking. Kenako zulani chingwe cha forwarding, muwerenge masekondi mpaka ping ibwerere, mubwezeretse chingwecho, muonenso ngati port ija yabwerera ku blocking ndipo BPDU zikulowabe.