Loweruka la PlayStation yakale ndi magemu a 1999

Lero kuntchito kunalibe, ndiye nditangomwa tiyi ndinanyamula PlayStation yakale ya achimwene anga akulu, yotuwa ija ya chivindikiro chozungulira, kupita nayo kwa madala ena okonza ma TV ndi mawayilesi kuseli kwa msika ku Ndirande. Inatulukira sabata yatha pomwe mayi amakonza m'chipinda chosungiramo katundu, inali mu katoni limodzi ndi mapadi awiri komanso madisiki ali mu jumbo. Mphwanga, mwana wa achemwali, ananditsatira. Iyeyu ali Form 2 ndipo gemu kwa iye ndi eFootball ya pafoni basi.

Vuto lake imayaka bwinobwino, kulira kuja kwa poyamba kumamveka, koma disiki osawerenga. Madala aja anangoitsegula, kuyang'ana pang'ono, nkuti "lenzi yatopa iyi koma sinafe". Anapukuta ndi thonje la sipiriti, kudzoza tigirizi pomwe lenzi imayenda, kenako anandiuza kuti ikadzayambanso kukana ndidzaigadabuze, chivindikiro pansi. Mphwanga anaseka kuganiza kuti akucheza, koma ndi zoona, ma PlayStation oyambirira aja kanjira ka lenzi kanali ka pulasitiki ndiye kamaperepeseka ndi kutentha, ukaigadabuza lenzi imabwerera m'malo mwake. Aliyense amene anakhalapo pa benchi ya mu shopu ya magemu anaionapo PlayStation itagona chagada.

Poyesa madisiki pa TV ya madala ndi pomwe ndinaona chinthu chimene kale sindinkachilabadira. Winning Eleven 4, pansi pa sikirini 1999. Driver, 1999. Crash Team Racing, 1999. Silent Hill, Tony Hawk's Pro Skater, Resident Evil 3, onsewo 1999. Jumbo yonse ya achimwene ndi ya chaka chimodzi kupatula Tekken 3 yomwe pa PlayStation inafika 1998. Koma ife tinkasewera zimenezi cha m'ma 2003 kupita mtsogolo, achimwene atabwera nayo kuchokera ku Joni itaikidwa kale chip kuti izilandira madisiki okopa. Mu 1999 weniweniyo kuno TVM inali itangoyamba kumene mu April, nyumba za TV pa mzere wathu zinali zowerengeka, ndipo amene anali ndi gemu anali ndi zija za katiriji yolembedwa 9999 in 1, momwe munali Mario ndi kuombera abakha, magemu a m'ma 1980 obwerezabwereza. Ndiye 1999 wa magemu anatipeza mochedwa, ife osadziwa nkomwe kuti ndi wakale.

Winning Eleven 4 pa TV ya madala inatuluka yopanda mitundu, yakuda ndi yoyera basi, chifukwa disikiyo ndi ya ku Japan komwe ma TV ake ndi a NTSC pomwe athu akale ndi a PAL. Nafenso tinkasewera choncho, kusiyanitsa matimu ndi kuwala kwa jezi. Kunyumba pa TV ya fulati mitundu inabwera koma osewera akuoneka makonamakona, mphwanga anati "amalume, anthuwa nkhope zawo zili kuti?"

Masana anabwera mnzanga amene tinakulira limodzi, atangomva pa WhatsApp kuti makina adzuka. Menyu yonse ndi ya Chijapani koma manja sanaiwale, X ndi kubwerera, bwalo ndi kuvomera, iye Brazil ine Nigeria ngati kale. Roberto Carlos anamuchotsa kumbuyo nkumuika kutsogolo chifukwa cha liwiro ndi shoti yake, ine ndinadalira Babangida kumapiko, ndipo Jon Kabira, muulutsi wa Chijapani uja, akukuwa mpaka mayi anabwera kudzafunsa ngati kuli bwino. Konami inatulutsa gemuyi ku Japan mu September 1999, ku Ulaya inkatchedwa ISS Pro Evolution, ndipo ndi mmene munayambira Master League, kuyamba ndi timu ya osewera wamba nkumagula akatswiri ndi mapointi opeza ukawina. FIFA 2000 inatuluka chaka chomwecho, inali ndi ma ligi ndi maina enieni, koma mpira wake unali wophweka kwambiri, zigoli zimangolowa. Ya Konami umayenera kumanga, pasi imodzi ziwiri, kudikira mpata wa through. Mpaka lero ndimati mpira wa pa gemu unakhwima ndi disiki imeneyi, eFootball ya mphwangayo ndi mdzukulu wake.

Tili mkati mopuma mnzangayo anayambitsa nkhani ya Dreamcast, makina a magemu a kampani ya Sega, iyeyu anaionapo ku Joni kwa msuweni wake ndipo mpaka pano imamupweteka mtima. Sega inaitulutsa ku Japan mu November 1998, ku America pa 9 September 1999, tsiku analisankha dala kuti likhale 9/9/99, pa mtengo wa $199, ndipo tsiku loyamba lokha anagulitsa makina oposa 225,000. Inali patsogolo kwambiri, memory yake 16MB pomwe PlayStation ili ndi 2MB yokha, memory card yake inali ndi kasikirini kake, ndipo inabwera ndi modemu yolumikiza ku waya wa telefoni kuti uzisewera ndi munthu wa mzinda wina. Soulcalibur pa Dreamcast inkaoneka bwino kuposa ya mu arcade momwe inachokera. December yemweyo ku Japan kunatuluka gemu ya Shenmue ya Yu Suzuki, katswiri wopanga magemu wa Sega, momwe tauni yonse ili ndi moyo, mashopu kutsegula ndi kutseka pa nthawi yake, mvula kugwa, anthu kupita kuntchito.

Koma Sony inali italengeza kale za PlayStation 2 mu March 1999, chaka chathunthu isanatuluke, ndiye anthu ambiri anangosunga ndalama zawo kudikira. Itafika ku Japan pa 4 March 2000 inali ndi china chomwe Dreamcast inalibe, imaonetsa mafilimu a DVD komanso imalandira madisiki akale a PlayStation yoyamba. Sega nayo inali itakhumudwitsa kale anthu ndi makina ake am'mbuyomo otchedwa Saturn, EA, kampani yopanga FIFA, inakana kupanga magemu a Dreamcast kutanthauza kuti FIFA kunalibeko. Mu January 2001 Sega inalengeza kuti yasiya kupanga makina, onse amene inagulitsa anangokwana cha m'ma 9 miliyoni. Mnzanga akuti Sony inapha chinthu chabwino ndi malonjezo chabe. Ine ndikuti ngakhale ikanakhala ndi moyo kuno sikanatithandiza kwenikweni, modemu ija ikanalumikizidwa pati, ndi nyumba zingati ku Ndirande zinali ndi telefoni ya waya mu 1999? Sitinagwirizane.

Chimene ndakhala ndikuganiza madzulo onse ndi choti chaka chimenechi njira zinagawikana pawiri. Kwina kunali disiki, TV imodzi, anthu pa benchi kulandirana padi, woluza atsike. Kwinaku kunali intaneti, ndipo pa kompyuta zinali zitayamba kale kutentha. EverQuest inatsegulidwa mu March, yolipira mwezi ndi mwezi. Mu June anyamata awiri, Minh Le ndi Jess Cliffe, anatulutsa Counter-Strike yaulere, atangosintha paokha gemu ya Half-Life ya kampani ya Valve, ndipo Valve inadzawatenga chaka chotsatira. Kumapeto kwa chaka Unreal Tournament ndi Quake III Arena zinatuluka motsatizana, zonse ziwiri zomangidwira kuomberana ndi anthu ena pa netiweki. Njira yachiwiriyi ndi imene inapambana, palibe kukana. Koma ili ndi mtengo wake ndipo ife a kuno timaumva kwambiri, gemu ya lero imafuna bandulo, imafuna update musanayambe nkomwe, netiweki ikagwedera mpira waima, eni ake akadzatseka seva ndiye kuti yatha basi ngakhale unalipira. Mphwanga atandifunsa kuti "amalume, ndiye iyi sifuna data olo pang'ono?" ndinamupatsa disiki m'manja kuti gemu yonse ili mmenemu, mmene anaimalizira mu 1999 ndi mmene ilili lero.

Kutada mnzanga anapempha Silent Hill, tinazimitsa getsi la pabalaza. Gemu imeneyi ndimailemekeza kwambiri. PlayStation sinkatha kujambula zinthu zakutali, memory inali yochepa, nyumba zikanamangotumphuka mwadzidzidzi pamaso pako. Ndiye a Konami anakuta tauni yonse ndi nkhungu yonga ya chiperoni, ukuona masitepe ochepa okha kutsogolo, ndipo munthu amene ukumuyendetsa, Harry Mason, si msilikali ayi ndi bambo wamba akusaka mwana wake wamkazi, mfuti kuombera kwake kophonyaphonya. Ali ndi kawayilesi m'thumba komwe kamayamba kusokosa chilombo chikayandikira, iwe osachiona, ukungomva phokoso likukulirakulira. Kuchepa mphamvu kwa makina anakusandutsa mantha enieni. Mphwanga uja amaseka nkhope za osewera masana anakhala chete, miyendo anaikweza pa mpando, atafika ku sukulu ya mu gemumo anandibwezera padi kuti pitirizani ndinu amalume.

Resident Evil 3 sitinaiyike, disiki yake yakalika kwambiri. Tony Hawk tinangoilawa pang'ono, mphindi ziwiri ziwiri mu warehouse muja, ndinawakumbutsa kuti mwini dzinayo, katswiri wa skateboard, anazungulira 900 koyamba, kutanthauza kutembenuka kawiri ndi theka ali m'malere, pa mpikisano wa X Games ku San Francisco mu June chaka chomwecho gemuyo isanatuluke, ndiye dzina lake linali pakamwa pa aliyense ku America.

Pano ndikulemba mphwanga ali pa Driver, wakanirira mu galaja ya poyamba ija momwe amakupatsa mndandanda wa zoti uchite ndi galimoto mu mphindi imodzi, kupanda kutero mu tauni sutuluka. Wakana kuti ndimuonetse, akuti apeza yekha, ndipo foni yake ili pa tchaja kuyambira masana sanaigwire. Achemwali aimba kuti agone konkuno abwere mawa tikaweruka ku tchalitchi. Mnzanga akuti akudziwa munthu wina ku Limbe amene angakhale ndi multitap, kachipangizo kolumikizira mapadi anayi, akamufunsa Lolemba kuti Crash Team Racing tidzaisewere anthu anayi. Mapadi ena awiriwo ndikafunsa kwa madala aja, ndinaona ali nawo angapo mu katoni pansi pa tebulo.