Mnyamata wokhala pafupi ndi khomo

Ndikuphunzira zauphunzitsi, ndipo teremu ino anditumiza kukayeserera ntchito pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Luchenza. Mu Sitandade 2 muli mnyamata wa zaka 11, wamtali kuposa anzake onse, yemwe akubwereza kalasiyi kachitatu. Sabata yoyamba ndinamukalipira ndithu. Ndinkati ndi ulesi, poti zomwe ndamuphunzitsa Lolemba, pofika Lachitatu zimakhala zitafufutika ngati choko pa bolodi.

Manyazi anandigwira nditatsegulanso kope langa la phunziro la ana ofunika chithandizo chapadera, lija ndinkangoliwerengera mayeso. Ulumali wa nzeru si misala, si ulesinso. Akatswiri amayang'ana ziwiri: kaganizidwe ka mwana, pomwe pa mayeso oyeza nzeru otchedwa IQ mwana wotere amapeza pafupifupi 70 kapena kucheperapo, komanso momwe amadzithandizira tsiku ndi tsiku, monga kuvala, kusamba, kuzindikira ndalama. Zimayamba munthu akadali mwana. Ena amabanika pobadwa, ena mayi awo anasowa ayodini ali oyembekezera, ena ndi Down syndrome, yomwe imabwera mwana akakhala ndi makromozomu (tinthu ta m'maselo a thupi tonyamula zotengera kwa makolo) 47 m'malo mwa 46. Kuno kwathu tisaiwale malungo a mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi.

Tsiku lina agogo ake anabwera kudzamutenga, mayi ake ali kothyola tiyi ku esiteti. Anandikokera pambali n'kunong'ona: "Aphunzitsi, musavutike naye. Anthu akuti amalume ake anamukhwimira kuti chigayo chawo chiziyenda."

Ndinati, "Agogo, kodi ali wamng'ono sanadwalepo kwambiri?"

Anakhala chete kaye, akukonza duku. Kenaka anati ali ndi zaka zitatu anadwala malungo, anakomoka masiku awiri kuchipatala, ndipo atatsitsimuka anachita kuphunziranso kuyankhula. Ine sindine dokotala, koma zinandidabwitsa kuti nkhani ya chigayo mudzi wonse ukuidziwa, pomwe ya malungoyi inachita kufukulidwa.

Ndasintha kaphunzitsidwe. Ndinasiya zomuuza kuti "tenga kope, ulembe deti, ukopere masamu", chifukwa akamva chachitatu choyamba chija chathawa kale. Ndimamuuza chimodzi, achite, kenaka china. Ndinatolera zitsekerero za mabotolo pa golosale, ndipo sabata ziwiri zathunthu tinakhalira kuwerenga mpaka 5 basi. Lachisanu lapitali anaika zitsekerero 7 m'dzanja langa, chimodzichimodzi, akutchula yekha, n'kundiyang'ana kumaso ngati akufunsa kuti, "Nanga?"

Chondiwawa n'chakuti m'kalasimo muli ana opitirira 100, ndiye iyeyu ndimamupezera mphindi 10 zokha, anzake ali pa buleki. Ku koleji ya Montfort ku Nguludi amaphunzitsa aphunzitsi a ana otere, ndipo ndayamba kufunsa za kalowedwe kake. Mawa tiyesa ndalama, ndasunga kale ma K50 awiri ndi K100 imodzi.