Zimene Achinyamata Amaphunzira M'gulu la Masikauti

Anthu ambiri akaona masikauti atavala yunifolomu ndi kansalu ka m'khosi amaganiza kuti ntchito yawo ndi kuguba basi, koma ine ndimaona kuti mphamvu ya gululi yagona pa timagulu ta ana 6 mpaka 8, timene mtsogoleri wake amakhala mwana mnzawo, osati munthu wamkulu. Robert Baden-Powell, amene anayambitsa gululi, anayesa njira imeneyi mu 1907 pa chilumba cha Brownsea ku England ndi anyamata pafupifupi 20, ndipo lero gululi likupezeka m'mayiko oposa 170.

Akapita kukagona kumisasa, mwana wa zaka 12 amaphunzira kumanga mfundo yosamasuka, kukoleza moto nkhuni zitanyowa, kuwerenga mapu, ndiponso kumangira mkono wa munthu wovulala pogwiritsa ntchito kansalu kaja. Chakudya chikapserera, onse amadya chopserera chomwecho, ndipo m'mawa mwake amagawana ntchito mosamala popanda wowauza.

Chimene chimandikhudza mtima kwambiri n'chakuti lusoli silithera kumisasa. Masikauti amadzala mitengo, amayeretsa m'misewu, ndipo madzi akasefukira amathandiza kugawa chakudya ndi zofunda kwa mabanja amene nyumba zawo zagwa.