Tsache lili kuseri kwa chitseko

Chiyambire mliri wa Covid-19 mu 2020, ku ofesi kwathu ku City Centre mu Lilongwe sitinakhalemonso tonse tsiku limodzi. Mabwana ataona kuti lendi ikudya ndalama, anatisamutsira m'kanyumba kochepa n'kutigawa pawiri: ena Lolemba ndi Lachitatu, ena Lachiwiri ndi Lachinayi. Lachisanu aliyense kwawo, kukumana pa Zoom. Desiki imodzi, anthu awiri.

Ine zinandikomera. Ya minibasi yochokera ku Area 25 inayamba kutsalako, ndipo malipoti ndimamaliza msanga kunyumba, bola magetsi akhalepo. Vuto ndi aneba, amene mpaka lero amakhulupirira kuti ntchito inandithera koma ndikubisa.

Koma mnzanga wapadesiki uja! Sindinkamudziwa, poti ndandanda ya mayina ndinangoyang'anapo langa lokha. Tsiku lililonse ndikafika ndinkapeza mpando wakwezedwa mpaka mawondo kugunda desiki, pansi makoko a mtedza ali mbwee. Ndinapirira milungu itatu. Wachinayi mtima unakwera, ndinalemba kapepala: "Achimwene, pano si padimba. Ngati kwanu kusesa sanakuphunzitseni, tsache lili kuseri kwa chitseko." Ndinamata pakompyuta, n'kusaina dzina lonse, mwamuna ine.

Lolemba lotsatira linali la tchuthi, ndiye masiku anandisokonekera. Lachiwiri m'mamawa ndinavala taye, ulendo, mumtima ndikuti lero ndi Lolemba. Nditalowa ndinadabwa kuona nkhope zachilendo zokhazokha. Komabe ndinapita molimba mtima kudesiki kwanga.

Pampando panali mayi wamfupi, miyendo ili lendelende, akuswa mtedza. Bwana wamkulu. Kani ofesi yawo anaipereka kuti ikhale chipinda cha misonkhano, iwo n'kulowa m'ndandanda ngati tonsefe. Kapepala kanga kanali pomwe ndinakamata paja.

"Takulandirani, achimwene," anatero osandiyang'ana.

Pakamwa panauma gwa. Ndinayesa kunena kuti mwadzuka bwanji mayi, koma chinatuluka ndi chifuwa. Ofesi yonse inali zii, makiyibodi onse atasiya kulira.

Anawerama pang'onopang'ono, n'kutsegula dirowa ya m'munsi. Ndi cholembera anatola masokosi anga, aja ndinavula tsiku lina mvula itandinyowetsa n'kuwaiwala momwemo mwezi wathunthu. Anawakweza m'mwamba kuti aliyense aone, mphuno atatsina.

"Tsache lija ndinalipeza, zikomo. Nanga sopo ali kuseri kwa chitseko chiti?"

Kuseka kwake, ngakhale alonda pageti anamva.

Kubwerera kunyumba sindikanatha, ndalama ya minibasi inali itapita kale. Desiki yopanda munthu panalibe. Ndinakhala pabenchi ya alendo tsiku lonse, laputopu pamiyendo, masokosi m'thumba. Cha m'ma 10 koloko bwana anandibweretsera mtedza wodzadza dzanja. Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo makoko onse ndinawasunga m'thumba la malaya mpaka ku Area 25.