Phiri Loweruka, Mereki masana, nanga mimba ichepa liti?

Anzanga a gulu lokwera phiri, lero ndinena ndithu olo mukwiye. Timadzuka m'bandakucha kupita ku mapiri a Domboshava kapena Ngomakurira kufupi ndi Harare, thukuta kamukamu mpaka pamwamba pa mwala, zithunzi pa Facebook, kenako tonse ulendo wa ku Mereki, malo otchuka ootcha nyama mu Harare, kukagwetsa sadza (nsima), nyama yootcha ndi mowa wozizira ati tagwira ntchito. Ntchito yake iti abale?

Ola limodzi lokwera phiri munthu amawotcha makalori mwina 400 kapena 500, zimatengera thupi lake komanso mtunda wake. Botolo la mowa ndi pafupifupi 150, mabotolo atatu basi phiri lija labwerera m'mimba, nyama yonona ija sitinaiwerenge n'komwe, paja galamu imodzi ya mafuta ndi makalori 9.

Sindikuti tizidzimana ayi, njala ya potsika phiri si yamasewera ndipo miyendo imafuna chakudya. Koma pakati pa sabata tisamangokhala pampando kudikira Loweruka, kaya kuzungulira ku nkhalango ya Mukuvisi Woodlands mu Harare momwemu Lachitatu, nsima mtanda umodzi osati itatu, masamba ambiri. M'chikwama nthochi, mtedza ndi madzi zakwana.

Loweruka lino 6 koloko, wobwera ndi makeke anyamula zikwama za tonse.