Njovu inakhuza maliro a chithunzi changa

Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani. Mukamadutsa ku Chibavi, ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo mumzinda wa Mzuzu n'kuona tambala wojambulidwa pakhoma la shopu, kapena mutu wa mnyamata wometedwa bwino pakhomo la ometa, mwina ndi dzanja langa limenelo. Ndagwira ntchitoyi zaka 14 popanda wodandaula, mpaka pamene alamu anga anatsegula golosale ku Chiputula n'kundiuza kuti ndiwajambulire njovu pakhoma.

Ndinajambula. Sabata isanathe, ana a sukulu anali atayamba kale kutchula malowo kuti "pa nkhumba".

Alamu sanakalipe. Anangobwera kwathu madzulo, n'kukhala pampando wanga, n'kutulutsa foni.

"Alamu, taonani kanthu aka."

Inali vidiyo ya ku Thailand. Njovu yagwira burashi ndi chitamba, ikujambula njovu inzake yonyamula duwa, mizere yake yowongoka ngati yalemberedwa ndi rula.

"Iyitu ilibe manja," anatero alamu. "Inu muli nawo awiri."

Usiku umenewo nsima sinatsike. M'mawa ndinapita ku Luwinga kwa mphwanga amene akuphunzira za nkhalango ku Mzuni, kuti andiuze ngati vidiyoyo inali yoona. Iye anati njovu zimenezo zimachita kuphunzitsidwa. Pambali pake pamaima woiweta atagwira khutu. Akalikoka m'mwamba mzere ukwera, akalikokera pansi mzere utsika, ndipo njovu iliyonse imabwereza chithunzi chomwecho tsiku ndi tsiku. Mtima wanga unakhala pansi. Ndiye kuti wojambula ndi munthu, njovu yangokhala burashi yaitali.

Akanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma ana ophunzira sadziwa polekezera. Anati ndisaipeputse njovu: ubongo wake umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo mu 2005 ku Bronx Zoo, ku New York, njovu ina dzina lake Happy anailemba chizindikiro pamutu n'kuiikira kalilole wamkulu, iyo n'kumakhudza chizindikirocho pamutu pake, osati pagalasi. Inadziwa kuti amene akuonekayo ndi iyo yomwe.

"Yanu ija, malume, itadziona pagalasi ingathe kulira ngati nkhumba."

Kunena zoona, njovu yokhayo imene ndinali nditaiyang'anitsitsa m'moyo wanga inali ya pa ndalama ya 20 tambala. Choncho ndinaganiza zopita ku Vwaza, kumalo osungirako nyama zakutchire, kukaijambula ndikuiona ndi maso.

"Abambo ake, mukufuna kundisiya wamasiye chifukwa cha khoma la achimwene?" anafunsa amake mwana. Koma anandikonzerabe kamba: chinangwa chophika ndi nthochi zakupsa za ku Nkhata Bay.

Munali mu Okutobala. Ndinanyamuka m'mamawa, Mzuzu akadali m'chifunga chake, nditavala juzi ndi ovolosi yanga ya buluu, matabwa awiri opakidwa kale zoyera m'khwapa, zitini za penti m'chikwama. Minibasi inadutsa Ekwendeni, Enukweni, Bwengu mpaka pa Rumphi, kenaka matola a fumbi lokhalokha mpaka ku Kazuni. Pofika kumeneko juzi ija ndinali nditaitukwana kale. Kumatentha ngati pamoto wa njerwa.

Mkulu wa gemu amene anandilandira anali bambo wofatsa, wolankhula Chichewa chokoma Chitumbuka. Anandifunsa ngati ndanyamula chipatso chilichonse. Ndinati ayi. Sindinaname mwadala, kungoti m'mutu mwanga nthochi si chipatso, ndi chakudya. Anati njovu imanunkhiza kuposa galu, ndiye ndisayerekeze.

Panjira ndinaona nsalu za buluu ndi zakuda zitapachikidwa m'mitengo. Ndinafunsa ngati kunali msonkhano wa chipani.

"Ndi misampha ya kashembe imeneyo, bambo. Kashembe amakonda buluu."

Atatero anayang'ana ovolosi yanga kuyambira kukhosi mpaka kumiyendo, osawonjezerapo mawu.

Anandikhazika pansi pa mtengo pafupi ndi timanyumba ta alendo, pamalo poonekera nyanja yonse ya Kazuni. Mvuu zinali mbwee m'madzi. Dzuwa litapendeka, njovu zinatulukira kutsidya, zazikulu ndi ana omwe, zikuyenda mwandondomeko ngati amayi a chigwirizano. Kutsogolo kunali chinjovu chachikazi chokalamba. Mkuluyo anati gulu limatsogoleredwa ndi gogo wamkazi, amene amakumbukira kumene kuli madzi chaka cha chilala, ndipo anyamata akafika zaka 12 mpaka 15 amachoka kukadzionera okha. Ndinati nkhani imeneyi isakamveke kunyumba kwanga.

Ndinayamba kujambula. Koma tayesani kujambula dzanja limodzi likugwira burashi, linalo likumenya kashembe pamsana, pantchafu, pakhosi. Kashembe saluma ngati udzudzu wopempha, amabaya ngati singano ya pachipatala, ndipo ovolosi amangoiboola. Mzere uliwonse umathera pamene ndalumphira. Chitamba chinatuluka chokhotakhota, mwendo wina unafupika, ndipo njovu yanga inaoneka ngati yagona cham'mbali.

Mkulu uja anaitanidwa ku ofesi. Anati ndisasunthe, abwera posachedwa. Njala itandigwira ndinasenda nthochi imodzi, khoko n'kuliponya kumbuyo.

Palibe anandiuza kuti chinyama cha matani angapo chimayenda mwakachetechete kuposa mphaka. Kuphazi kwake kuli mafuta ofewa ngati pilo. Ine ndinangomva mpweya wotentha pakhosi, fuuu, ndipo ndinaganiza kuti ndi mkulu uja akusirira ntchito yanga.

"Sichinathe, bwana," ndinatero osatembenuka. "Mwendowu ndiukonza."

Kenaka chitamba chinadutsa paphewa panga n'kulowa m'chikwama.

Anthu amati ukakumana ndi njovu usathamange. Amene amanena zimenezo amakhala ali pampando ku Katoto. Ine ndinaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, ndipo chitseko choyamba chimene ndinachipeza chinali cha chimbudzi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pamenepo m'mimba ndinali nditamvadi. Ndinadzitsekera, n'kuyamba nyimbo ya kutchalitchi imene ndinaiiwala kalekale, koma mawu onse anabwera okha.

Pa kabowo ka chitseko ndinaona zonse. Anali gogo uja, ndi ziwiri zina. Nthochi anazitola imodziimodzi ndi tinsonga tiwiri ta kumapeto kwa chitamba, mwaulemu ngati mlendo pa chinkhoswe. Chinangwa ananunkhiza n'kuchisiya. Ndiye anafika pa chithunzi changa.

Anaima. Makutu amene ankakupiza aja anati zii. Anatambasula chitamba n'kuchisisita pang'onopang'ono, kumutu, kumsana, kumwendo wofupika uja. Ziwiri zija zinabwera n'kuima pambali pake, mitu pansi. Kunali bata loti ngakhale mvuu zinaleka kuseka. Kenaka gogoyo anatapa dothi n'kuwaza pachithunzipo, anathyola nthambi ya masamba n'kuiika pamwamba. Potembenuka anagunda chitini cha buluu, n'kupondamo, n'kuponda pa thabwa lachiwiri limene linali pansi losalembedwa. Anapita osacheuka.

Mkulu wa gemu anandipeza ndikadali m'chimbudzi. Anati wakhala akuonera ali chapatali, mfuti m'manja, koma panalibe choopsa. Anayang'ana nthambi ija nthawi yaitali.

"Bambo, njovu zikapeza inzawo itafa zimaima chete, kuisisita, nthawi zina kuifotsera ndi dothi ndi masamba. Ngakhale mafupa okha zimawadziwa kuti ndi a mtundu wawo."

"Ndiye kuti yazindikira kuti ndajambula njovu?" ndinafunsa, mtima ukuyamba kukwera.

"Yazindikira. Koma yakufa."

Ndinalandira zimenezo ngati chiyamikiro. Ku Chiputula ankati nkhumba. Kuno mwini wake wavomereza kuti ndi m'bale wake, kungoti wamwalira.

Thabwa lachiwiri silinasweke chifukwa pansi panali mchenga. Panali phazi limodzi lozungulira, la buluu, lodzaza ndi timing'alu ngati dambo louma. Mkuluyo anatenga chingwe n'kulizunguliza, nati ndikachipinda kawiri kutalika kwake ndiye msinkhu wa njovuyo kufika paphewa. Anatinso ming'aluyo imasiyana njovu ndi njovu, ngati chidindo cha chala.

Ndinafika ku Mzuzu nditatupa ngati mandasi. Alamu anamvetsera nkhani yonse akupukuta misozi. Chithunzi changa sanachiyang'ane kawiri, koma thabwa la phazi analitenga n'kukalipachika mu golosale. Pasanathe masabata awiri, mayi wina amene ali ndi malo ogona alendo kunyanja anaima kugula madzi, analiona, n'kuligula pamtengo woposa katatu ndalama imene alamu anandipatsa pa khoma lonse lija. Anafunsa ngati wojambulayo angapange ena anayi a m'zipinda.

Ndikanati ndinene kuti wojambulayo ali ku Kazuni ndipo salandira maoda. Ndinati, "Lachisanu, mayi."

Kubwerera kwa kashembe sindikanatha. Ndinayang'ana m'nyumba monse chinthu chozungulira, cholemera, chachikulu ngati phazi la njovu. Lachinayi usiku, amake mwana atagona, ndinatenga mtondo wawo, ndinaupaka buluu kunsi, n'kudinda matabwa anayi. Ndinaubwezera pakona pake mwakachetechete.

Mayi aja anabwera Lachisanu. Anavala magalasi, anawerama, anayang'anitsitsa mizere yozungulira imene inatuluka pakati pa phazi lililonse.

"Bambo, njovu yanuyi ndi ya mtengo wanji? Mbawa kapena mlombwa?"

Sanagule. Koma mlandu weniweni unali kunyumba. Penti wa oyilo sauma msanga m'nyengo ya Mzuzu, ndipo m'mawa umenewo amake mwana anali atasinja nsinjiro, akusuntha mtondo kuthawa dzuwa: pakhonde, pa sitepe, pabwalo la simenti, mpaka kuseri kwa khitchini. Ndinawapeza ataima pakati pa mapazi asanu ndi awiri a buluu, munsi uli m'manja.

"Abambo ake, tafotokozani."

Ndinafotokoza ndili kunja kwa mpanda.

Ndakhula ndi palafini, ndakhula ndi mchenga, mapaziwo sakuchoka. Ana a m'dera lathu amabwera kudzawaona, ena amayeza ndi mapazi awo. Mukakwera kabaza pa depoti n'kunena kuti mukupita "pa njovu", akutulani pageti panga. Kwa alamu mpaka lero ndi pa nkhumba.