Inu ondiitana a Chiphaniphani, imvani kaye

Popeza nkhani ya tochi yanga imene inkathwanima pansi pa nyanja usiku yafika kale kwa apongozi anga, ndipo ena mwayamba kundiitana a Chiphaniphani ngakhale pamaliro, ndiloleni ndiifotokoze ndekha isanamere nyanga.

Choyamba, tochi ija sinali chidole cha ana monga mukunenera. Pa paketi analemba "waterproof" ndi zilembo zikuluzikulu, kutanthauza kuti silowa madzi, ndipo mnyamata amene anandigulitsa ku Mzuzu anaiviika mu ndowa ine ndikuona. Mlangizi wathu wa scuba (kusambira pansi pamadzi utabereka botolo la mpweya) ku Nkhata Bay anali atanena kuti kulowa pansi pa nyanja usiku kumafuna matochi awiri: yaikulu m'manja, ina yaing'ono yosungira, kuti yoyambayo ikazima usamapapase miyala ngati munthu wofuna machesi. Yaikulu anatibwereka. Yaing'ono atanditchulira mtengo, mumtima ndinawerenga mbuzi ziwiri, pakamwa n'kuti, "Zikomo achimwene, ndili nayo kale." Sindinawaonetse. Ndinaibisa m'thumba lakumbuyo la kabudula woyera amene ndinavala pamwamba pa wetsuit, chovala chothina chosambirira.

Chimene ndowa singakuuze n'chakuti ukatsika mamita 10, mphamvu yokufinya imakhala itawirikiza kawiri. N'chifukwa chake matochi ambiri osungira amayatsidwa popotokola mutu. Yanga inali ndi batani lofewa la labala, ndiye nyanja inangolidina yokha. Tochiyo inkayaka mitundu itatu: kuwala kwambiri, kuwala pang'ono, ndi kuthwanima kofiira ndi kwabuluu ngati galimoto ya apolisi. Nyanja inasankha apolisi.

Ine osadziwa kanthu. Ndikusambira mwaulemu, manja nditapinda ngati dikoni, kusuzumira mbuna zitagona m'ming'alu ya miyala, kumbuyo kuli disiko.

Tsono ku Nkhata Bay kuli nsomba zazitali zija azungu amati dolphin fish. Zimasaka usiku m'magulu, ndipo zinazolowera kutsatira matochi a anthu kuti zigwire mbuna zimene zaunikiridwa. Alendo amalipira ndalama zambiri kuti azione. Usiku umenewo zinasiya aliyense n'kumalondola matako anga. Ndikakhotera kumanja, gulu lonse kumanja. Ndikaima, nazo zaima, kudikira kuti bwana alamule. Ndinayamba kudzimva. Ndinakumbukira kuti agogo anga anali a ku Nkhotakota, ndiye ndinati magazi a kunyanja sabisika, nsomba zamuzindikira mwini wake. Ndinafika potambasula mkono pang'onopang'ono ngati mfumu yolonjera anthu ake. Anzanga onse atandilozetsa matochi, ine ndinkaweramitsa mutu kulandira ulemu.

Pansi pamadzi usiku, kuzunguza tochi modekha ndiye kuti zonse zili bwino, kuigwedeza mofulumira ndiye kuti pali vuto. Mlangizi ataona kuthwanima kosalekeza chapatali, anabwera ngati kampango wolusa, n'kundigwira paphewa, chopumira chake chachiwiri chili kale pamphuno panga. Anayang'ana geji yanga, mpweya ulipo wambiri. Anandiyang'ana m'maso, ine phee. Kenako ananditembenuza ngati chambo pamoto.

Ndinangoona thovu lambirimbiri likukwera. Munthu wamkulu, kuseka pa mamita 12, mpaka madzi kulowa m'galasi lake.

Ndinayesa kuizimitsa, batani osatheka, nyanja ikadalidinabe. Tinamaliza ulendo wonse choncho, ine kutsogolo ngati ndikuperekeza nduna, nsomba pambuyo, anthu pambuyo pa nsomba. Zoti asodzi a usipa anapalasa mabwato kubwera kudzaona, zimenezo mwawonjezera ndinu. Linali bwato limodzi lokha.

Koma nonse oseka, ndiyankheni: kodi tochiyo inalowa madzi? Ngakhale dontho. Kodi inazima? Ntchito ya tochi yosungira si kuyaka? Yanga inangofulumira.

Ndikadali nayo, kungoti inakakamira pa apolisi pomwepo. Magetsi akazima ndimayatsa yomweyo podya nsima. Dzana amayi ophika kachasu kuseri kwathu anataya mgolo wathunthu, ndipo sakundiyankhula.